Buku Limene Lidagogoda pa Makomo: Kuunika The Philadelphia Negro

M'masukulu ambiri a ukachenjede a dziko la America muli phunziro lounika ubale wa pakati pa mitundu ya anthu okhala m'dzikomo: akuda ndi azungu, eni nthaka amene azungu adawapeza, anthu ochokera ku Mexico ndi maiko ena a kumwera, ndiponso ochokera ku China, Japan ndi India. Kawirikawiri phunziroli limakhala m'nthambi ya maphunziro a kakhalidwe ka anthu m'magulu, amene pa Chingerezi amawatcha sociology. Wophunzira amapatsidwa mndandanda wa mabuku oti awerenge, ndipo masiku ano sichachilendo kupezapo buku la chaka cha 1899 lotchedwa The Philadelphia Negro, lolembedwa ndi William Edward Burghardt Du Bois. Komatu kwa zaka zoposa 50 bukuli lidangokhala ngati laiwalika m'masukulu akuluakulu a azungu. M'chimangirizo chino tiona chimene bukuli lidachita bwino, pamene lidapunthwa, ndi chimene phunzirolo lidataya polinyalanyaza. Owerenga adziwiretu kuti liwu loti Negro limene lili m'mutu wa bukuli lidali laulemu pa nthawiyo, koma lero anthu akuda a ku America saligwiritsanso ntchito podzitchula.

Du Bois adabadwa m'chaka cha 1868 ku Great Barrington, m'chigawo cha Massachusetts, patangopita zaka zitatu kuchokera pamene ukapolo udathetsedwa m'dziko lonselo. Adaphunzira pa Fisk ku Nashville, pa Harvard, kenaka ku Berlin m'dziko la Germany, kumene aphunzitsi ake adamuzoloweretsa kusonkhanitsa umboni asanayambe kutsutsana ndi munthu. M'chaka cha 1895 adakhala munthu wakuda woyamba kulandira digiri ya PhD pa Harvard. Chaka chotsatira yunivesite ya Pennsylvania idamuitana kuti adzachite kafukufuku pakati pa anthu akuda a mumzinda wa Philadelphia.

Omuitanawo adali ndi yankho lawo kale. Maganizo a kafukufukuyu adachokera kwa anthu olemera okonda ntchito zachifundo, monga mayi Susan Wharton, amene ankada nkhawa ndi umbanda, uve ndi ziphuphu za ndale mumzindawo. Ambiri mwa iwo ankakhulupirira kuti gwero la mavutowa ndi anthu akuda okhala m'dera lotchedwa Seventh Ward, ndiko kuti wodi yachisanu ndi chiwiri. Chimene ankafuna ndi katswiri woti atsimikize chimene iwo ankachiganiza. Yunivesite idamupatsa Du Bois udindo wa wothandizira chabe. Sadapatsidwe ofesi, sadapatsidwe ophunzira oti aziwaphunzitsa, ndipo iye mwini adadzanena pambuyo pake kuti ngakhale dzina lake lidasiyidwa m'kaundula wa aphunzitsi. Iye ndi mkazi wake Nina adakakhala m'chipinda chimodzi pa msewu wa Lombard, pakati penipeni pa anthu amene ankawafufuzawo.

Mphamvu yoyamba ya bukuli ili m'kachitidwe ka ntchitoyo. Kuyambira mwezi wa Ogasiti 1896, Du Bois adayenda yekha khomo ndi khomo m'wodi yonseyo, imene ndi kachigawo kakatali koma kopapatiza, kuchokera ku msewu wa Seventh kukafika ku mtsinje wa Schuylkill, pakati pa misewu ya Spruce ndi South. Adanyamula mafomu a mitundu isanu ndi umodzi: ya banja, ya munthu payekha, ya nyumba, ya msewu, ya mabungwe ndi ya antchito a m'nyumba. Ankafunsa zaka za munthu, kumene adabadwira, ngati adziwa kulemba ndi kuwerenga, ntchito yake, malipiro ake, masiku amene adajomba chifukwa cha matenda, kuchuluka kwa zipinda, lendi, ndiponso ngati pakhomopo pali madzi ndi chimbudzi. Adafikira mabanja pafupifupi 2,500 ndipo adalemba anthu akuda 9,675. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa nthawi imene akatswiri ambiri ankalemba za mitundu ya anthu ali khale pa mipando yawo, mnyamata wa zaka 28 ameneyu ankakhala m'makhitchini a anthu, cholembera chili m'manja. Njira imeneyi sadayambitse ndi iye. Charles Booth adali atayamba kale kuwerenga amphawi a mu London, ndipo amayi a pa Hull House ku Chicago adatulutsa mapu a dera lawo m'chaka cha 1895. Chachilendo chidali kuigwiritsa ntchito pa anthu amene dziko linkayesa kuti likuwadziwa kale.

Asanafike pa ziwerengero, wolembayu akutiyendetsa m'mbiri ya anthu akuda a mumzindawo, ndipo mitu imeneyi siyongokometsera ayi. Tikumva za lamulo la chaka cha 1780 lothetsa ukapolo pang'onopang'ono m'chigawo cha Pennsylvania, za bungwe lothandizana la Free African Society limene Richard Allen ndi Absalom Jones adayambitsa mu 1787, ndi za mpingo wa Mother Bethel. Tikumvanso za zipolowe za m'zaka za 1834, 1842 ndi 1849 pamene magulu a azungu adaphwanya nyumba ndi matchalitchi a anthu akuda, za malamulo a chigawo a 1838 amene adalanda amuna akuda ufulu woponya voti, ndi za mphunzitsi Octavius Catto amene adawomberedwa pa tsiku la chisankho mu 1871. Gawo logwira mtima ndi lonena za amuna akuda ophika ndi kuperekera zakudya pa maphwando a anthu olemera, monga Robert Bogle ndi Thomas Dorsey, amene adapeza chuma ndi ulemu, koma ntchito yawo idadzalowa pansi pamene mahotela akuluakulu a azungu adatenga malonda onse. Wowerenga akafika pa umphawi wa mu 1896 amakhala atadziwa kale kuti anthuwa adakhalapo ndi luso, katundu ndi voti, ndi kuti zinthuzi zidachita kuchotsedwa m'manja mwawo. Funso limene omuitana adamupatsa, loti kodi anthuwa ali ndi vuto lanji, latembenuka tsopano kukhala loti kodi adawachita chiyani.

Pachimake pa bukuli ndi pamene wolembayu akulumikiza ntchito, lendi, banja ndi umbanda. Tiyeni titsate ulusi wake bwinobwino. Philadelphia udali mzinda wa mafakitale akuluakulu, opanga nsalu, zitsulo, zombo ndi mainjini a sitima zapamtunda. Koma munthu wakuda sankalembedwa kawirikawiri m'mafakitalemo. Eni ake ankati antchito achizungu akana kugwira naye ntchito, ndipo mabungwe ambiri oimira antchito sankamulola kukhala membala. Choncho amuna ambiri ankangogwira maganyu, kunyamula katundu kapena kuperekera zakudya, pamene amayi ochuluka zedi ankagwira ntchito za m'nyumba za azungu ndi kuchapa zovala. Malipiro adali ochepa. Koma lendi idali yokwera, pakuti eni nyumba a m'misewu yambiri sankalola anthu akuda, ndipo m'misewu yochepa imene ankaloledwayo ofuna nyumba ankachita kulimbirana. Wantchito wa m'nyumba ankayeneranso kukhala pafupi ndi bwana wake, pakati pa mzinda pamene malo ndi odula. Nanga banja la malipiro ochepa likadalipira bwanji lendi yokwera? Linkalowetsa anthu ena m'nyumba kuti azilipirako kangachepe. Motero zipinda zidadzaza, ana ankagona pamodzi ndi alendo osadziwika bwino, ndipo pamene mayi ali ku ntchito tsiku lonse anawo ankakulira mumsewu. Wapolisi akagwira mnyamata wotere, nyuzipepala inkalemba za umbanda wa anthu akuda. Du Bois sakukana kuti umbandawo udalipo. Akuuwerenga mosabisa ndipo akuudzudzula. Chimene akuchita ndi kubwerera nawo m'mbuyo, phazi ndi phazi, mpaka pa chipata cha fakitale chimene chidatsekedwa.

M'mutu wonena za tsankho akupereka zitsanzo za anthu enieni, ngakhale sakuwatchula maina. Chimodzi ndi cha mnyamata amene adamaliza maphunziro a uinjiniya pa yunivesite ya Pennsylvania yomweyo. Adapeza ntchito kudzera m'chilengezo cha m'nyuzipepala chifukwa mapepala ake adali abwino, koma adaigwira maola ochepa okha, nachotsedwa atadziwika kuti ndi wakuda. Adakathera ku ntchito yoperekera zakudya pa kalabu imene anzake achizungu a m'kalasi ankadyera. Aliyense amene adaphunzitsapo ana amadziwa chimene nkhani yotere imachita kwa ang'ono ake a mnyamatayo. Mphunzitsi akhoza kulalikira za ubwino wa sukulu mpaka mawu kusasa, koma mwana amayang'ana chimene sukulu idamchitira mkulu wake.

Pa nkhani ya matenda, bukuli lidali yankho kwa munthu wina wotchuka. M'chaka cha 1896 Frederick Hoffman, katswiri wa ziwerengero wa kampani ya inshuwalansi ya Prudential, adatulutsa buku lonena kuti anthu akuda akufa kwambiri chifukwa cha chibadwa cha mtundu wawo, ndi kuti m'kupita kwa nthawi adzatha okha. Du Bois adavomereza kuti imfa zidali zochuluka, makamaka za chifuwa chachikulu ndi za makanda. Koma adaonetsa kuti m'mawodi a nyumba zothithikana, zachinyontho ndi zopanda zimbudzi zabwino anthu akuda ankafa kwambiri kuposa anzawo okhala m'mawodi a nyumba zabwino. Magazi adali amodzimodzi. Chosiyana chidali nyumba. Chimodzimodzinso pa za kulemba ndi kuwerenga, adapeza kuti anthu akuda a m'wodiyo ankaposa magulu ena a azungu ongofika kumene kuchokera ku Europe, monga a ku Italy. Kufanizira kotereku kumaoneka kwapafupi lero, koma ndiko kumasiyanitsa kafukufuku ndi miseche.

Tsopano tione pamene bukuli likutsimphina. Choyamba ndi liwu la wolemba. Du Bois adagawa mabanja m'magulu anayi, kuyambira olemekezeka ndi opeza bwino, antchito akhama, amphawi, mpaka gulu lotsiriza limene adaliona ngati la anthu oipa ndi achifwamba. Pa mapu amene ali m'bukumo nyumba iliyonse idapakidwa mtundu wosonyeza gulu lake. Cholinga chidali chabwino, kuonetsa azungu kuti anthu akuda si phala limodzi. Koma poika banja m'gulu sankayang'ana ndalama zokha. Ankayang'ananso ukhondo wa m'nyumba, ngati mwamuna ndi mkazi adakwatirana mwa dongosolo, ndi ngati mayi amakhala pakhomo. Apa mlendo wa mphindi zochepa, wovala bwino ndi wophunzira ku Harvard, adadzisandutsa woweruza wa makhalidwe a anthu amene adamulandira. Akamanena za amayi osauka ndi za anthu ongofika kuchokera ku minda ya Virginia ndi Maryland, mawu ake amakhala ouma ngati a mliski wokalipira nkhosa. Amadzudzula ndalama zothera m'zovala, m'zisangalalo ndi m'mabungwe a maliro. Zina mwa izi n'kutheka zidali zoona, koma zikusemphana ndi umboni wake womwe. Munthu amene wangotionetsa kuti lendi ndiyo idadzaza alendo m'nyumba sayenera kudabwanso kuti m'nyumbamo mulibe mwambo wa anthu opeza bwino. Mapu opaka mitundu nawonso ndi mpeni wakuthwa konsekonse. M'zaka za m'ma 1930 bungwe la boma loona za ngongole za nyumba lidajambula mapu ake a mizinda, n'kupaka kofiira madera ambiri a anthu akuda monga malo osayenera ngongole. Mapu amenewo sadachokere kwa Du Bois, koma akutikumbutsa kuti mtundu ukapakidwa pa msewu umatha kumatirira kwa zaka zambiri.

Chachiwiri, ndipo kwa ine ichi ndicho chachikulu, n'chakuti anthu a mu Seventh Ward sitikuwamva akulankhula. Munthu amene adacheza ndi anthu zikwizikwi adamva nthabwala zawo, madandaulo awo, ndi m'mene iwo eni ankalongosolera moyo wawo. Zonsezi adazisandutsa manambala. Mayi wochapa zovala akuoneka m'ndandanda wa malipiro, koma chimene ankaganiza za mzimayi wachizungu amene ankamuchapirayo sitikuchidziwa. Ngakhale ntchito ya m'nyumba, imene idali msana wa chuma cha wodi yonse, idakambidwa mozama m'gawo lowonjezera la kumapeto, lolembedwa ndi mayi wachizungu Isabel Eaton. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma m'bukuli odwala m'mimbawo akungowerengedwa. Du Bois mwini adavomereza atakula kuti anthuwo sadakondwere kupimidwa ngati zolengedwa zachilendo. Patangopita zaka zinayi, m'buku lake la 1903 la The Souls of Black Folk, adapeza liwu lina lotha kunyamula chisoni ndi nyimbo za anthu ake, ndipo mwina n'chifukwa chake bukulo lidatchuka pamene ili linkachita fumbi.

Chachitatu ndi chikhulupiriro chimene chili pansi pa ntchito yonseyo, choti tsankho ndi mwana wa umbuli, ndi kuti azungu akangoonetsedwa choona adzasintha. Mutu wotsiriza ukugawa maudindo mwaulemu, wa anthu akuda uku, wa azungu uku, ngati kuti mbali ziwirizi zidali ndi mphamvu zofanana. Chikhulupirirochi sichidakhalitse. Mu Epulo 1899, chaka chimene bukuli lidatuluka, gulu la azungu ku Georgia lidapha ndi kutentha munthu wakuda dzina lake Sam Hose popanda kumuzenga mlandu. Du Bois, amene tsopano ankaphunzitsa pa yunivesite ya Atlanta, adalemba kalata yodekha yolongosola nkhaniyo ndipo adanyamuka kukaipereka ku nyuzipepala ya Atlanta Constitution. Ali m'njira adamva kuti mfundo za zala za wophedwayo zaikidwa poonekera pa golosale ina ya mumsewu umene ankayendamo. Adabwerera osapereka kalatayo. Anthu amene adachita zimenezo sankasowa ziwerengero. Patapita zaka khumi, mu 1909, adakhala mmodzi mwa oyambitsa bungwe la NAACP, ndipo mu 1910 adasiya yunivesite kukakhala mkonzi wa magazini ya The Crisis.

Zofooka zitatuzi ndi zenizeni, koma sindizo zidachititsa kuti bukuli liiwalike. Yunivesite ya Pennsylvania sidampatse Du Bois mpando wa uphunzitsi. Ku Atlanta adatsogolera kafukufuku wa chaka ndi chaka pa za malonda, sukulu, mipingo, thanzi ndi mabanja a anthu akuda, ndi ndalama zochepa kwambiri. Pamenepo mphamvu ndi chuma cha phunziro la sociology zidali ku yunivesite ya Chicago, imene idatsegula nthambi yake mu 1892. Kumeneko mwini nkhani ya mitundu adali Robert Park, mzungu amene adagwirapo ntchito zaka zingapo ndi Booker T. Washington ku Tuskegee, ndipo Washingtonyo adali wotsutsana kwambiri ndi Du Bois. Park adaphunzitsa kuti mitundu iwiri ikakumana imadutsa m'makwerero anayi: kukumana, kupikisana, kulolerana, ndipo potsiriza kusungunukirana kukhala anthu amodzi. Ankaona ulendowu ngati wachilengedwe, wosabwerera m'mbuyo, monga dzinja litsata chilimwe.

Timupatse ulemu wake Park. Sankakhulupirira kuti munthu wakuda ndi wotsika mwachibadwa, ndipo adaphunzitsa akatswiri akuda odziwika monga Charles S. Johnson, amene adafufuza zipolowe za mu Chicago za 1919 zimene zidapha anthu 38, ndi E. Franklin Frazier. Koma chiphunzitso chakecho chidali ndi mabowo awiri. Loyamba, chidaumbidwa poyang'ana anthu ochokera ku Poland, Italy ndi Ireland, amene zidzukulu zawo zinkatha kusintha kalankhulidwe n'kulowerera pakati pa azungu anzawo. Anthu akuda adali atakhala m'dzikomo zaka 300, ankalankhula Chingerezi ndi kupemphera m'mipingo yachikhristu, koma sadasungunukire kulikonse. Ukafunsa chifukwa chake, yankho linkakhala loti nthawi sidakwane. Chiphunzitso chimene sichingagwidwe bodza pa chilichonse sichithandiza wophunzira. Bowo lachiwiri n'lakuti chidatenga zochita za anthu n'kuzitcha chilengedwe. Lamulo la 1882 loletsa antchito ochokera ku China kulowa m'dzikomo lidachita kulembedwa ndi aphungu. Chigamulo cha khoti lalikulu cha 1896 pa mlandu wa Plessy ndi Ferguson, chololeza kulekanitsa akuda ndi azungu, chidaperekedwa miyezi yochepa Du Bois asanayambe kugogoda pa makomo. Mapangano a eni nyumba oletsa kugulitsa nyumba kwa anthu akuda ankatetezedwa ndi makhoti mpaka mu 1948. Chimene Park ankachitcha kulolerana kawirikawiri chidali kugonja kwa munthu wopanda voti.

Pamene bungwe la Carnegie lidafuna kafukufuku wamkulu wa nkhaniyi m'zaka za m'ma 1930, silidapite kwa Du Bois, amene pa nthawiyo ankasakasaka ndalama zolembera buku lalikulu la mbiri ndi moyo wa anthu akuda. Lidaitana Gunnar Myrdal wa ku Sweden, poganiza kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Buku lake la 1944, An American Dilemma, ndi la masamba oposa 1,400, ndipo akatswiri akuda monga Ralph Bunche adathandiza kusonkhanitsa umboni wake. Lidachita ntchito yaikulu, ndipo khoti lalikulu lidalitchula m'chigamulo cha 1954 chothetsa tsankho m'masukulu. Myrdal adanena poyera kuti chitsanzo chabwino koposa cha kafukufuku wa dera la anthu akuda ndi The Philadelphia Negro, ngakhale lidali litatsala pang'ono kuiwalika. Komabe iye adaika gwero la vutoli m'chikumbumtima cha mzungu, amene pakamwa amati anthu onse ndi ofanana koma zochita zake n'zina. Oliver Cox, katswiri wakuda wobadwira ku Trinidad, adamutsutsa mu 1948 kuti waiwala kufunsa amene amapindula ndi antchito otsika mtengo. Pamenepa Cox adali pafupi ndi chipata cha fakitale cha Du Bois kusiyana ndi Myrdal.

Mtengo wa kunyalanyazaku udaoneka m'chaka cha 1963. Anthu akuda atadzaza misewu ya Birmingham ndi Washington kufuna ufulu wawo, Everett Hughes, mtsogoleri wa bungwe la akatswiri a sociology m'dzikomo, adafunsa anzake chifukwa chimene adalepherera kuoneratu zimenezi. Yankho silovuta. Ophunzira amene adaphunzitsidwa kuti mitundu imasungunukirana yokha pang'onopang'ono sakadayembekeza kuti oponderezedwawo adzaimirira okha. Du Bois adamwalira ku Accra m'dziko la Ghana pa 27 Ogasiti chaka chomwecho, tsiku limodzi usanachitike ulendo waukulu wa ku Washington. Kwa ife kuno nkhaniyi si yakutali kwenikweni. John Chilembwe adafika ku America mu 1897 ndipo adaphunzira ku Lynchburg, Virginia, m'zaka zomwe bukuli linkalembedwa. America amene adamuona ndi yemweyu. Nayenso Dr. Hastings Kamuzu Banda adamaliza digiri yake pa yunivesite ya Chicago mu 1931, Park akadaphunzitsa pamenepo, ndipo mu 1945 adali nawo pa msonkhano wa anthu a mu Africa ku Manchester umene Du Bois adali mlendo wake wolemekezeka.

Bukuli lidasindikizidwanso mu 1967. Kuyambira Novembala 1968 mpaka Malichi 1969 ophunzira a pa San Francisco State College, akuda pamodzi ndi a mitundu ina, adanyanyala maphunziro mpaka sukuluyo idatsegula nthambi yoona za mbiri ndi moyo wa mitundu yawo. Kuchokera pamenepo ntchito zambiri zabwino za phunziroli zakhala zikubwerera ku mafunso a mu Seventh Ward. Douglas Massey ndi Nancy Denton, m'buku lawo la 1993 la American Apartheid, adaonetsa kuti kulekanitsidwa kwa malo okhala ndiko kumaunjika umphawi pamalo amodzi. Mu 2004 Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan adafalitsa zotsatira za makalata ofunsira ntchito pafupifupi 5,000 amene adatumiza ku makampani a ku Boston ndi Chicago. Makalatawo adali ofanana, kusiyana maina okha, ndipo pamene dzina lomveka lachikuda linkaitanidwa kawiri, lomveka lachizungu linkaitanidwa pafupifupi katatu. Injiniya uja woperekera zakudya akadaizindikira nkhaniyi. Mu 2012 yunivesite ya Pennsylvania idapatsa Du Bois ulemu wa upulofesa, patapita zaka 49 chimwalirireni, ndipo mu 2015 Aldon Morris adalemba buku la The Scholar Denied lonena kuti Du Bois ndiye tate weniweni wa sociology ya ku America. Mkangano wa amene adali woyamba sundikopa kwenikweni, pakuti ukhoza kuiwalitsa ena, monga mtolankhani Ida B. Wells, amene pofika mu 1895 adali atawerenga kale anthu ophedwa ndi magulu achiwawa ndi kuonetsa kuti milandu yambiri imene ankawanamizira idali yabodza.

Wophunzira wa lero sangadalire buku limodzi ili. Du Bois adalemba za akuda ndi azungu a mumzinda umodzi, pamene kalembera wa 2020 adapeza anthu oposa 62 miliyoni a mizu ya ku Latin America, ochuluka kuposa anthu akuda. Lamulo la 1965 lidatsegula khomo kwa obwera kuchokera ku Asia ndi Africa, kotero kuti mawu oti munthu wakuda tsopano akuphatikiza mdzukulu wa kapolo wa ku Virginia ndi namwino wongofika kuchokera ku Lagos. Za eni nthaka, amene nkhani yawo ndi ya malo olandidwa ndi mapangano oswedwa, bukuli silinenapo kanthu. Phunzirolo nalonso likukanganiridwa. Mu Januwale 2024 akuluakulu oyang'anira mayunivesite a boma ku Florida adachotsa phunziro loyamba la sociology pa mndandanda wa maphunziro a maziko amene ophunzira onse amasankhapo, ponena kuti lalowerera ndale. Kudandaulako kukadakhala ndi mphamvu pa kalasi imene mphunzitsi amangogawira ophunzira maganizo ake kuti aloweze. Koma The Philadelphia Negro silipempha wowerenga kuti akhulupirire wolemba. Mafomu a mafunso adasindikizidwa m'bukumo, misewu idatchulidwa, lendi ndi malipiro zidalembedwa, kotero kuti wotsutsa ali ndi poyambira, ndipo zofooka zimene tazitchula pamwambapa tazipeza ndi umboni umene wolembayo adatipatsa yekha.

Seventh Ward ya Du Bois lero ndi dera la nyumba zodula, ndipo ambiri okhalamo ndi azungu. Tchalitchi cha Mother Bethel chikadali pa mphambano ya misewu ya Sixth ndi Lombard, pa malo amene Richard Allen adagula, koma mabanja ambiri akuda a mumzindawo amakhala kumpoto ndi kumadzulo kwake. Mapu a m'bukuli adalowetsedwa pa kompyuta ndi ofufuza a yunivesite ya Pennsylvania, ndipo wophunzira akhoza kuona nyumba imene banja lina linkakhala mu 1896, ndi mtundu umene Du Bois adaipaka.